Njinga Yogona kwa Eni Ake

A Winston Namakhwa ndi a kabaza wa njinga yamoto. Amanyamula anthu pamsika wa Zomba kukwera nawo kuphiri, ndipo makona onse a mseu umenewo amawadziwa ngati m'nyumba mwawo. Koma njingayo si yawo. Mwini wake, mphunzitsi wina wa ku Chinamwali, anaika lamulo limodzi: dzuwa likamalowa, njinga izikagona pakhonde pake.

Tsiku lina atatsitsa mayi wogulitsa mabulosi pafupi ndi damu la Mulunguzi, anapeza azungu awiri akukhoma tenti, zinjinga zawo zili mbuu ndi fumbi. A Winston anasendera kuti angosirira matayala. Mzungu mmodzi anawaonetsa zithunzi pafoni: mapiri a ku Lesotho, a ku Tanzania, kenako chithanthwe chachitali chobisa mutu mumtambo.

"Ili ndi Namuli, ku Mozambiki," anatero mzunguyo. "Tinagona patsinde pake sabata yatha."

A Winston anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Namuli! Phiri limene bambo awo ankati Alomwe onse anachokerako, limene anamwalira akulilakalaka. Anthu osadziwa n'komwe moni wa Chilomwe akagonako ngati masewera.

"Inu muli pafupi, bwanji osapita?" anafunsa mzungu uja.

A Winston anangoseka. Njira akuidziwa, yodzera ku Muloza, ndipo mikono yawo sitopa ndi chiwongolero. Koma zithunzithunzi za mitengo ya paini zinali zitatalika kale. Analiza njinga, n'kutsetsereka phiri kuti akaigoneke kwa eni ake.