Basela la pa f(a + 1)

Kuyambira pagombe la Lungwena mpaka kumtunda ku Namwera, palibe anandigonjetsapo pa kunenerera. Asodzi amalumbira kuti usipa uwu sachotsa, koma kwa ine amachotsa. Ndiye mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 atandionetsa masamu amene anamukanika, ndinati, "Bweretsa kuno. Masamu ndiwo amakudyetsa pakhomo pano."

Funso linali lakuti: f(x) = 3x + 2, pezani f(a + 1).

"Akuti pamene pali x tiikepo a + 1," anatero.

Ndinaseka. Ameneyu a ndi mulu wa usipa, 1 ndi basela. Aliyense pamsika amadziwa kuti munthu akagula milu itatu, basela amalandira kamodzi, pomaliza, jumbo ili pafupi kumangidwa. Ndinamulembetsa 3a + 2, kenako 1 kumapeto. Yankho 3a + 3.

"Ababa, madamu anati tiziika m'mabulaketi."

"Madamu akowo anagulitsapo chiyani?"

Mawa lake anabwera maso ali psuu. Anamupatsa ziro, yankho lathu analilemba pabolodi ngati chitsanzo cha zosayenera kuchita, kalasi yonse inaseka. Mwanayo anati kusukulu sabwererakonso. Mwana amene ndamuvutikira pa njinga, zitunda za ku Namwera zonse zija, asiye sukulu chifukwa cha mabulaketi?

Ndinavala malaya a Lachisanu, opitira kumzikiti aja, n'kupita kusukuluko.

"Madamu, ziro ayi. Tiyeni tikumane pakati. 3a ilipo, yalakwika?"

"Ilipo, bambo. Koma x ndi mpando. Wokhalapo amakhala yense ndi katundu wake, ndipo 3 amachulukitsa zonse. Zikhala 3a + 3, kuphatikiza 2 uja, 3a + 5."

"Basela katatu? Kwa kasitomala mmodzi? Mukuphunzitsa ana kugwetsa mabizinesi a makolo awo!"

"Pano si pamsika."

"Chabwino, theka basi."

"Ayi."

"Kotala, poti tadziwana."

Anayamba kuchonga makope ena. Apa ndinatulutsa chida chimene sichinandikhumudwitsepo: ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo kudikira kuti anene "tabwerani bambo." Ndinafika pakhomo, zii. Ndinafika pamtengo wa mango, zii. Ndinabwerera ndekha ngati mbuzi, ine!

"Mwaiwala kanthu?" anafunsa, osakweza mutu.

Pamapeto tinagwirizana chonchi: mwanayo amupatsa funso lina, ziro afufuta akakhoza. Koma ine ndiime kutsogolo kwa kalasi ndinene kuti yankho lija linali langa. Ndinaima. Ndinafotokozanso za basela, chifukwa mfundo yanga ndi yoona ndithu, ndipo ana anaseka mpaka kumenya madesiki. Mwana wanga anatenga choko, anatsekera zonse m'mabulaketi, anachulukitsa, anakhoza. Sanandiyang'ane n'komwe.

Kusukulu anabwerera, ndipo makope ake masiku ano amawabisa ndikamalowa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana a kalasi ija amandidziwa tsopano. Akatumidwa usipa amabwera pabenchi langa dala, amasankha milu itatu, n'kuima chilili.

"Ababa, mabulaketi!"

Makasitomala ena amamva, nawonso amafuna basela pa mulu uliwonse. Ndimatukwana chamumtima, koma ndimaponyamo.

Komabe ziro uja anafufutidwa, ndipo anamufufutitsa ndine, kwa mayi amene sachotsa ngakhale kotala. Ndiye tandiuzani inu, anapambana ndani?