Pempho Langa Linathera kwa Sarijento

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene atate anabwerera kwathu ku Nsadzo, atapuma ntchito ku marinya, gulu la asilikali a pamadzi. Kwathu kulibe nyanja. Madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a pachitsime, koma atate anabwera ndi chombo chonse m'mutu mwawo.

Tikamatong'ola chimanga, ankandandalika zitsononkho pamphasa. Chachikulu chinali mkulu wa marinya yonse ku Maputo. Pansi pake akomandanti a m'madoko, kenako komandanti wa chombo ndi wachiwiri wake, imediyato, ndiye maofisala, masarijento, mpaka marinyero wokolopa pansi. "Lamulo limatsika motsatana, pempho limakweranso motsatana," ankatero. "Palibe wolumpha mnzake."

Tinkaseka chamumtima, osadziwa kuti zitigwera ifeyo. Iwo anakhala komandanti, amayi imediyato, achimwene anga a Zuze sarijento, ine marinyero wa mbuzi ndi ndowa. Ngakhale kupempha sopo kunkadzera kwa a Zuze. Zinali zotopetsa, abale.

Chaka chimenecho ndinamaliza sukulu ya kwathu. Aphunzitsi anati wofuna kupitiriza akalembetse ku Chifunde pamodzi ndi kholo lake, nthawi ya matirikula, yolembetsayo, isanathe. Sukulu ndinkaifuna ndi mtima wonse. Ndinauza a Zuze, iwo n'kuti, "Ndamva, ndikafikitsa." Ndikafunsanso, yankho linali lakuti nkhani ili kumtunda, ndidikire.

Chonsecho atate ndinkawaona tsiku ndi tsiku, atakhala pansi pa mtengo wa mango akukonza njinga, manja akununkha girisi. Ndinkawadutsa ndi ndowa pamutu, mawu ali pakhosi, koma kulumpha sarijento ndinkaopa.

Mvula inagwa, anzanga anapita. Tsiku lina tikupalira, atate anandifunsa okha.

"Iwe Rozina, anzako ali ku Chifunde. Sukulu unaikaniranji?"

"Sindinaikane, atate. Ndinauza achimwene."

Anaitana a Zuze. A Zuze anayang'ana pansi, akupalasa dothi ndi chala cha kuphazi. "Iyeyu akapita, mbuzi ndi madzi zitsala ndi yani?"

Atate anatsamira khasu. "Pachombo, sarijento wokhalira pempho amalangidwa. Ndipo marinyero akaona kuti yankho silikubwera, amapempha kuonana ndi komandanti."

"Zimenezo simunatiuze," ndinatero.

M'mawa mwake atate anapalasa njinga mpaka ku Chifunde, n'kubwerako matope okhaokha. Anapeza malo atadzaza. Chaka chotsatira anayamba kudwaladwala, ndipo za sukulu zinathera pomwepo.

A Zuze ndinawakhululukira mochedwa, ndipo sindinganame kuti zinatheratu mumtima. Atate ndimawamvetsa tsopano. Anachoka tili makanda, anabwerera asakudziwa kucheza ndi ana, ndipo dongosolo la pachombo ndi lokhalo limene ankalikhulupirira. Pakati pa anthu ambirimbiri panyanja mwina limathandizadi, bola wapakatiyo akhale wokhulupirika. Koma ife tinali anthu anayi, ogona denga limodzi.

Lero ndimagulitsa tomato pamsika wa ku Chifunde, ndipo m'mawa uliwonse ana a sukulu amadutsa patsogolo pa benchi langa. Ndimafika kunyumba miyendo ikuwawa, osafuna kumva mawu a munthu. Komabe mwana wanga akaima pakhomo n'kumayang'ana pansi, ndimamuitana ndekha kuti anene.