Uthenga Wodikira Basi ya ku Edinburgh

Pakati pa Amalawi a ku Barking, mumzinda wa London, maliro akagwa kumudzi anthu sathamangira kwa abusa. Amayamba aimbira a Loice Chirambo. Mayi amenewa anali namwino ku Kasungu asanabwere kudzasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za kuno, ndipo ntchito ina yopanda malipiro inangowamatirira ngati chisoso pa chitenje: kukauza anthu kuti abale awo atisiya. Lamulo lawo ndi limodzi ndipo sasewera nalo. Imfa siuzidwa pa foni, siuzidwa kwa munthu ali yekha. Umatenga amayi anzako, umamukhazika pansi mwini maliro, ukatero ndiye umatsegula pakamwa. Iwo eni imfa ya mayi awo anaimvera pa foni ali pa siteji ya basi, mvula ikugwa, anthu akuwalambalala ngati woledzera. Mpaka lero akafika pamalopo amawoloka msewu.

M'nyumba mwawo amakhala ndi Wezzie, mwana wa mchimwene wawo Biswick, amene anabwera kudzaphunzira za mankhwala. Mtsikanayu chibwerereni ankangodziwa njira ziwiri, ya kusukulu ndi ya kutchalitchi. Ndiye atapeza tikiti yotchipa ya basi yopita ku Edinburgh, ndi bedi m'nyumba ya alendo momwe anthu osadziwana amagona chipinda chimodzi, panalibe womuletsa.

"Ndiye ukalipire ndalama kuti ukazizidwe?" a Loice anamuseka. "Kuno kuzizira kwatha?"

Komabe anamukazingira nkhuku, namubwereka chijekete chawo chachikulu chija chofika m'maondo. Lachisanu madzulo mwana ananyamuka, akuti abwera Lamulungu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka m'mawa, a Loice akuvala nsapato za kuntchito, foni inalira. Anali alamu awo ku Kasungu, mawu osamveka bwino ndi kulira. A Biswick anagwa akutsegula golosale yawo, ndipo pofika kuchipatala anali atazizira kale.

A Loice anakhala pa masitepe, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Misozi ya mchimwene wawo anaibweza kaye, poti panali china chowaopsa kuposa. Mwana ali yekhayekha mumzinda wa miyala yakuda, kopanda ndi mmodzi yemwe womudziwa dzina, ndipo foni ili m'manja mwake. Masiku ano munthu asanatsekedwe n'komwe maso, chithunzi chake chimakhala chitafika kale pa WhatsApp, kandulo pambali.

Anayamba kuimba. Anakalipira adzukulu, anachonderera alamu, anaopseza msuweni wina wa ku Lilongwe wokonda kuonekera kuti ndiye woyamba kumva chilichonse. "Aliyense amene waika chithunzi achotse pompano! Mwanayo ndimuuza ndine, akafika." Ena anamvera, ena foni sinayankhidwe. Mudzi wonse sungautseke pakamwa uli ku London.

Masana Wezzie anatumiza chithunzi. Anaima kutsogolo kwa linga lakale pamwamba pa phiri, chijekete chitam'meza, akumwetulira. A Loice anachikulitsa ndi zala kufuna kuona maso, koma chipewa chinawaphimba. Anayankha kuti wawala bwanji mwana wanga, ndipo anadzida okha polemba mawuwo.

Nyumba inayamba kudzaza. Anafika a Petronella, mnzawo wa kuntchito, wobadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo a ku Dedza, atanyamula matumba a buledi. Amayi a mvano anakhala pansi mozungulira khoma, akuimba chapansipansi kuopa azungu oyandikana nawo. Kunja kusanade, foni inalira. Anali Wezzie.

A Loice anakweza dzanja, nyimbo inadukira pakati. Analowa m'bafa natseka chitseko.

"Anti, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mama. Mawuwo bwanji asasa?"

"Ndi mphepo, Anti. It's freezing. Kuno three koloko kwada kale." Kenako anafunsa kuti, "Muli nokha m'nyumbamo?"

"Ndili ndi a Petronella, angodutsa."

"Okay. Zili bwino."

Foni inaduka. A Loice anatsala akuyang'ana matailosi. Chimfine n'chimfine, koma iwo makutu awo anakulira m'zipatala, amadziwa mawu a munthu amene walira. Anafuna kuimbanso amufunse mwachindunji, koma ukafunsa munthu kuti wamva chiyani, ndiye kuti wamuuza kale.

"Mungomuuza abwere lero, munene kuti inuyo mwadwala," anatero a Petronella.

"Bodza limenelo analidziwa kale ana athu. Akangomva kuti bwera msanga, amadziwa kuti kwagwa zovuta. Ndiye ayende ulendo wonsewo m'basi akudziwa?"

Lamulungu m'mawa foni ya Wezzie inali yozimitsa. Anaimba, anaimbanso, nthawi zonse kumayankha kamayi ka makina kaulemu wake wopsetsa mtima. Apa ndiye a Loice anagwira njakata. Edinburgh sanafikeko, koma m'maganizo mwawo anaimanga yonse: milatho italiitali, masitepe oterera, chifunga, ndi mwana wovala jekete la eni akuyenda osaona kumene akupita. Anaona anthu ambiri chisoni chikawapeza okha. Ena amangokhala pansi pomwepo, koma ena amayenda, ndipo oyendawo ndi amene amawaopa. Tiyi amene anawapatsa anazizira m'kapu osamulawa.

Chakumadzulo anamanga chitenje pamwamba pa jekete, natenga a Petronella ndi mayi wina wa mvano, nakwera sitima ya District line mpaka ku Victoria. Pamalo ofikira mabasi panali mphepo ndi fungo la dizilo. Inalowa ya ku Leeds, inalowa ya kwina, anthu akutsika ndi zikwama zawo n'kumwazikana. Ya ku Edinburgh inachedwa, ndipo itafika a Loice maso anali pakhomo pake. Anatsika azungu, anatsika anyamata a magitala, anatsika mayi wa ana awiri. Khomo linakhala lopanda munthu kwa kanthawi kotalika kwambiri.

Kenako chijekete chija chinatulukira.

Wezzie anawaona atatuwo ndi zitenje zawo, naima. Sanadabwe, sanafunse chimene abwerera. Maso anali otupa ngati walumidwa ndi njuchi.

"Tiye tikhale apa, mwana wanga," anayamba a Loice, akuloza benchi.

"Ndikudziwa, Anti. Ndinaona pa status ya WhatsApp dzulo, ndisanatsike n'komwe basi."

"Dzulo? Nanga chithunzi chija? Nanga pa foni osanena bwanji?"

"Ndimayesa simunamve. Ndi achimwene anu, Anti. Ndikanakuuzani bwanji pa foni? Ndinazimitsa kuti ndingalephere kudzigwira. Ndimati ndifike kaye."

A Petronella anagwira pakamwa. A Loice anamuyang'ana mwanayo, milomo yake itang'ambika ndi chisanu, thumba la nkhuku ija lili m'manja losamasula.

"Unali ndi ndani kumeneko?"

"Ndekha."

"Ndiye unalirira kuti?"

"M'bafa. Ndimatsegula shawa kuti ena m'chipindamo asamve."

A Loice ndi amene anayamba kugwa pa benchipo. Kulira kumene anakusunga chiyambire dzulo kunatuluka konse, ndipo mwanayo anagwada pa simenti yozizira nawagwira mapewa.