Jekete la Bambo Awo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndatopa nako kuuza Chisomo ndi Tadala kuti akonze kuchipinda kwawo. Atapita kusukulu ndalowako ndekha ndi tsache. Pansi pa mulu wa zovala zawo ndapeza jekete la malemu bambo awo, lija linasowa tsiku logawa katundu.

Likadali ndi fungo lawo, la anyezi ndi fumbi la ku Lizulu. Ndakhala pamphasa nditalikumbatira, mtima ukundiuza kuti bambo awo atsika minibasi posachedwa.

Tadala atabwera wangoti, "Amayi, musalichape. Timaunjika dala zovala kuti lisaoneke."

Ndawalonjeza kuti akamapinda zovala zawo, jekete tilikoleka pamsomali, poonekera. Koma alamu, paja linagawidwa kwa inu. Mukuti bwanji, ndibweretse kapena likhale ndi anawa?