Mayina a pa lupanga la a Idris

Bungwe limene linandibweretsa ku Nairobi litatseka, mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Roysambu anandiperekeza kwa a Hamisi, bambo wachikulire wokonza malupanga akale kuseri kwa sitolo yake. A Hamisi ananditenga chifukwa manja anga sankanjenjemera.

Anandiphunzitsa kufewetsa dzimbiri ndi mafuta opepuka, kulipala ndi kachitsulo kamkuwa, n'kupukuta ndi thonje. Pofuna kuti maluwa a m'chitsulo aoneke tinkapaka asidi wothira madzi ambiri, n'kumutsuka msanga ndi soda, kenako phula pamwamba. Sandipepa ankaletsa. Zala zinkang'ambika, chifuwa osatha.

Tsiku lina kunabwera a Idris, bambo wothawa nkhondo ku Sudan, atafungatira lupanga lalitali m'bulangete. Linali la agogo awo. Pothawa analikwirira kuseri kwa nyumba. Mwana wawo wamwamuna ndiye anabwerera kukalifukula n'kulitumiza ndi anthu, koma iye anaphedwa asanawoloke malire.

"Pali mayina a makolo anga," anatero a Idris. "Ndikufuna ndiwawerengenso."

Pa dzimbiri lokhuthalalo zilembo za Chiarabu zinkaonekadi ngati zipsera. Ndinalinyika m'mafuta mlungu wonse. Tsiku lopala, a Hamisi ataima pambali panga, dzimbiri linayamba kusendeka lokha ngati khungwa louma. Pansi pake panali maenje okhaokha. Chinyezi cha m'nthaka chinali chitadya chitsulo kalekale, zilembozo zinkangogwiridwa ndi dzimbiri lomwelo.

"Siya," anatero a Hamisi. Koma theka linali litagwera kale pa nsalu.

A Idris anabwera masana. Anayendetsa chala pa maenjewo nthawi yaitali.

"Lembaninso ndi asidi wanuyo. Ndikuuzani mayinawo."

"Tikhoza kulemba, Mzee, koma likhala dzanja lathu, osati la amene analemba," anayankha a Hamisi, akuwatchula ndi mawu a Chiswahili olemekezera munthu wachikulire.

A Idris anayamba kutchula mayina. Atafika pakati anaima, nayambiranso, naimanso pomwepo. Dzina lotsatira linali litawathawa, ndipo amene ankawadziwa onse pamtima anali mwana wawo uja. Anapempha kabotolo. Ndinasesereramo dzimbiri lija ndi burashi, iwo n'kukaika m'thumba la malaya, natuluka osatsanzika.

Kuyambira pamenepo sindithira mafuta pa lupanga ndisanalijambule mbali zonse, komanso mwini wake asanandiwerengere mokweza zimene zalembedwapo. Ndimamuuzanso poyera kuti dzimbiri likachoka, mwina pansi pake sitipezapo kanthu. Ena akamva zimenezi amalikulunganso n'kubwerera nalo kwawo, ndipo sindiwaletsa.