Juzi ya Amayi m'Mwezi wa Kolona

Juzi ija ndikadali nayo. Ndi yobiriwira, yobooka pachigongono, ndipo ngakhale ndaichapa kambirimbiri, mphuno zanga zimaumirira kuti ikadali ndi fungo la fodya wa m'chigafa. Anaisiya ndi abambo popita ku migodi ku Joni, amayi n'kumaivala mphepo ya m'mapiri a ku Ntchisi ikayamba kuluma makutu. Koma ine ndikaiona sindikumbuka chisanu ayi. Ndimakumbuka Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Kwathu Okutobala unali mwezi wa Kolona. Chifanizo cha Amayi Maria, chachitali ngati mwana wongoyamba kuyenda, chinkachoka kutchalitchi n'kumagona nyumba ndi nyumba. Dzuwa likapendeka azimayi ankachinyamula akuimba, kukachitula pakhomo lotsatira, tonse n'kugwada pabwalo kupemphera. Nyumba sinkadumphidwa, ngakhale ya chidakwa. Pothera pa mwezi tinkachiperekeza kutchalitchi, atsikana ovala zoyera akumwaza maluwa patsogolo. Chaka chimenecho ine ndinasankhidwa, ndiye nzeru zanga zonse zinathera pa diresi.

Chaka chomwecho aphunzitsi athu anatengedwa. Galimoto inabwera tili m'kalasi, iwo anatuluka choko chili m'manja, atangovala shati yopyapyala, osabweranso. Ankati anayankhula zosayenera za boma pamaliro. Masiku amenewo nkhani zotere munthu sunkafunsa. Akazi awo anatsala okha ali ndi pakati, ndipo kuchitsime azimayi ankawafulatira. Aliyense ankadziwa kuti woponda pakhomo paja akhoza kutsatira aphunzitsi.

Chifanizo chinagona kwathu, ndipo nyumba yotsatira inali yomweyo. M'mawa amalume, amene ankagulitsa makadi a chipani m'mudzimo, anafika thukuta lili kamukamu.

“Mlongo wanga, dumphani nyumba imeneyo. Zikavuta ine sindingakupulumutseni.”

Amayi ankapeta chimanga, ndipo lichero silinaime.

“Achimwene, paja pamtanda onse atathawa, mayi uja anaima pomwepo. Ndiye ine ndimulambalalitse pakhomo la mnzake amene akulira?”

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, koma anangondidutsa. Ine vuto langa linali lakuti diresi linali lisanapindidwe m'munsi.

Tsiku limenelo amayi anachita zachilendo. Anakonola chimanga chambiri ngati kukubwera ukwati. Anandionetsa pamene anabisa mbewu ya mtedza. Anandiberekesa mng'ono wanga wakhanda, n'kundibwerezetsa mfundo mpaka inagwira, ine ndikung'ung'udza kuti msana ukupweteka. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala diresi pamwamba pa linzake, zitenje zonse zimene anali nazo, ndi juzi ija pamwamba. M'kutentha kuja, abale! Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

“Amayi, mwasanduka thumba la chimanga!”

Anamwetulira pang'ono, kenako anati, “Iwe sukupita nawo. Ukakhale kwa amalume ako, pakhonde, anthu akuone uli kumeneko.”

Ndinakwiya. Ndinkaganiza kuti akundimana nyimbo, koma atangondipatsa mango kwa amalume ndinaiwala zonse. Lero ndimadziwa kuti ankandichotsa pamlandu, kuti dzina langa lisakhudzidwe.

Palibe mayi ngakhale mmodzi amene anabwera kudzaimba. Ndili pakhonde paja, madzi a mango akuyenderera m'zigongono, ndinawaona amayi akutsetsereka okha, chifanizo chili pamutu pankhata. Ankaimba Tikuoneni Maria ndi mawu osasa, oduka m'njira, ndipo ine ndinachita nawo manyazi. Anyamata a chipani amene ankasewera bawo patsinde pa mtengo analeka. Mmodzi anaimirira n'kuwatsatira ndi maso mpaka pakhomo paja. Amayi sanacheuke. Amalume analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Amayi sanatengedwe. Chifukwa chake sindikudziwa mpaka lero, mwina amalume anakagwada kwinakwake. Koma kuchitsime anayamba kuwafulatira nawonso. Tsiku loperekeza chifanizo ine ndinali patsogolo, diresi lili mbee, ndikumwaza maluwa a jakaranda. Amayi anali kumbuyo kwenikweni ndi akazi a aphunzitsi, anthu atawasiyira mpata waukulu. Ndinasangalala tsiku limenelo, ndinene zoona, ndipo chimwemwe chimenecho chimandiwawa mumtima mpaka pano. Panopa ndine wamkulu kuposa mmene analili amayi nthawi ija, ndimatsogolera Kolona kumphakati, kagulu ka akhristu a m'dera lathu, koma ndikamva kuti kwa uje kwagwa zoopsa, mapazi anga amalemera. Za zovala zija ndinazimvetsa nditakula: munthu akatengedwa ankapita kundende ndi zimene wavala basi, ndipo amayi anali atamva kwa ine ndemwe kuti aphunzitsi anapita ndi shati yokha.

Madzulo a tsiku la juzi lija anabwerera kusanade, nkhata ili m'manja. Anavula juzi ija itanyowa ndi thukuta, koma mfundo ya chitenje inawakanika kumasula. Ndinawamasulira ndine, ndikusekabe.

“Kodi amayi mumamva kuzizira?”

“Eya mwanangu,” anatero. “Kumene ndimapita kumazizira.”

Ndinasuzumira panja. Nyumba ya aphunzitsi inali pompaja kuseri kwa nthochi, padzuwa lomwelo limene linkatiwotcha ife, ndipo ndinangoti amayi asokonezeka ndi kutentha.