Dzina Langa Linabwera Pambuyo pa Mbuzi

Ndimakonza njinga pa Khombedza, pansi pa mtengo wa mango woyang'anana ndi siteji ya minibasi. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo kuwerenga kwenikweni ndinaphunzira ndekha pa zidutswa za nyuzipepala zokulungira mandasi. N'chifukwa chake nkhani zambiri za dziko lino ndimazidziwa pakati pokha: chiyambi chinapita ndi wogula wina, mapeto anamira m'mafuta. Mwina matenda anga anayambira pamenepo. Chinthu chikakhala ndi zilembo, mtima sukhala m'malo mpaka nditafika pothera pake.

Kuseri kwa msika alamu anga, achimwene awo a akazi anga, ali ndi nyumba yoonetsera mafilimu: mabenchi angapo, wailesi ya kanema, ndi nsalu yakuda pakhomo. Masana ntchito ikachepa ndinkalowa mmenemo. Ndinkakonda sewero lina lakunja, la banja lokangana m'nyumba imodzi, lija loti munthu akangoyankhula mumamva khamu likuseka koma osaliona. Chingerezi changa n'chopunduka, choncho ndinkaseka mochedwa, anzanga osaonekawo atamaliza kale.

Gawo likatha pankabwera mayina oyera, akukwera m'mwamba ngati nkhungu panyanja. Anthu ankadzuka, alamu n'kudina batani.

"Alamu, tasiyani pang'ono," ndinkapempha choncho.

"Mukufuna kuona chiyani? Muli ndi m'bale kumeneko?"

"Ndikuwerenga."

"Kawerengeni zikwangwani za minibasi. Kuno anthu akudikira ya karate."

Tsiku lina mphunzitsi wina anabwera ndi njinga yothyoka masipoko. Ndinamulembera pansi ndi kamtengo mawu awiri amene ndinkawaona koyambirira kwa mayinawo, iye n'kundiuza kuti amasonyeza munthu amene analemba seweroli. Ndinagwira sipanala osaigwiritsa ntchito. Ine ndinkaganiza kuti anthu aja amangoyankhula za m'mutu mwawo, monga timachitira pano posinthana chipongwe ndi akabaza. Kani pali wina amene amakhala pampando kwinakwake n'kumawaikira mawu m'kamwa!

Kuyambira pamenepo ndinayamba kusaka dzina limodzi limene linkabwerabwera. Ndinalikopera m'kope la ana asukulu, zilembo ziwiri lero, zitatu mawa, mothamangitsana ndi chala cha alamu. Kenako ndinalipezanso kumapeto kwa filimu ya mlonda woopa galu wake yemwe, ndiponso kwa ina ya akuluakulu awiri olimbirana mpando umodzi paukwati. Kope linayamba kudzaza: mutu wa filimu kumanzere, dzina lomwelo kumanja. Mpaka lero sindidziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, wamoyo kapena anatsogola. Ndinangozindikira kuti pamene pali dzinalo, munthu wodzitukumula amapunthwa anthu onse akuona. Ndinamuzolowera ngati mnzanga wa pabawo amene sitinapatsanepo moni.

Ndiye ndinatembenuza kope, n'kuyamba kulemba sewero langa kuchokera kumbuyo. Linali la bambo wopita kukafunsira mbeta atavala jekete yobwereka, atakwera njinga yobwereka, akukoka mbuzi yobwereka yoti apongozi aone kuti ndi munthu wa ziweto. Zokambirana zili mkati, eni zinthu amafika mmodzimmodzi kudzatenga zawo, mpaka mkuluyo amatsala ndi malaya amkati ndi mawu okoma basi.

Pa Khombedza pali gulu la masewero limene amalitsogolera mayi wina wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu. Tonse timangowatchula kuti amayi a gulu. Anawerenga kope langa ali pa thumba la mpunga, akuseka mpaka anatayira mbale yoyezera pansi.

"Mwalemba inuyo, abambo a njinga?"

"Ndi manja omwewa a girisi, amayi."

"Tijambula. Alamu anu ali ndi foni yabwino."

Tinajambula Loweruka katatu. Osewera anataya theka la mawu anga n'kuikapo awo, ndipo ndivomere, ena anali oposa anga. Zimenezo sizinandiwawe. Koma kuno sewero limayenda ndi zobwereka, ngati mkulu wa m'nkhani yanga uja. Jekete inachokera kwa telala. Mbuzi inachokera kwa mlimi wa ku Chinguluwe. Khonde la apongozi linali la msodzi wina wachisilamu, amene anangopempha kuti nthawi ya swala ikakwana tizitontholetsa phokoso. Njinga inali yanga.

Ndipo aliyense wobwereketsa amayenera kuthokozedwa ndi dzina kumapeto. Mukamuiwala mmodzi, sadzakupatsaninso ngakhale chitsotso cha botolo, ndipo nkhaniyo idzamveka pamjigo ndi pamaliro pomwe. Amayi a gulu anakhala ndi alamu pa kompyuta yawo yokoperapo mafilimu, akutchula mayina, alamu akulemba ndi chala chimodzi. Ine ndinaima pakhomo ndikupopa tayala lodzaza kale. Ndinamva akukangana ngati mwini mbuzi atsogole kapena mwini jekete. Anagwirizana kuti mbuzi itsogole chifukwa inayenda mtunda wautali. Za wolemba sindinamve.

Tsono munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, anganene bwanji kuti ndilembeni? Ndinangoyankhula mozungulira.

"Alamu, kumayiko akunja amayamba ndi wolemba."

"Kumayiko akunja ali ndi mbuzi zawozawo," anatero alamu osatembenuka n'komwe.

Panapita masabata awiri alamu akulumikiza zithunzi. Sindinakhalepo wosakhazikika choncho. Ndinkanyamuka pansi pa mango kupita kuseri kwa msika, n'kufika pa nsalu yakuda ija, n'kubwerera osalowa. Ndikakhala ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkafuna kuyenda. Tsiku lina ndinamata chigamba pambali pa bowo, mwini njinga n'kubwerera wapansi kuchokera pa mlatho akundiitana mayina amene sali m'kope. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndikufuna chiyani kwenikweni? Dzina langa aliyense pa Khombedza amalidziwa, amalifuula tsiku lililonse tcheni chikaduka. Koma ndinkafuna kuliona likukwera m'mwamba, loyera, lili pansi pa mawu aja, kuti mwina kwinakwake munthu wina wa kope alikopere zilembo ziwiriziwiri.

"Abambo, mwakhala ngati nkhuku yosowa poikira," anatero akazi anga. "Ingowauzani achimwene."

"Ndiwauze kuti chiyani?"

"Basi ndikawauza ine."

"Ayi, mayi! Mukandichititsa manyazi."

"Ndiye ikirani pomwepo."

Sewerolo analionetsa Loweruka masana. M'nyumba muja munadzaza mpaka ena anakhala pansi, ena akusuzumira m'mphepete mwa nsalu. Anthu anaseka, makamaka pamene telala weniweni anaoneka akuvula mkulu uja jekete pamaso pa ankhoswe. Kuseka kwake kunali kwa anthu ooneka, ena akundigunda ndi chigongono, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinachedwe. Ndinkadziwa pamene poseketsa pakubwera.

Sewero litatha ndinaona chimene sindinachionepo m'nyumba imeneyo: palibe anadzuka. Aliyense ankadikira dzina lake kapena la m'bale wake. Alamu anasiya mayina akwere. Mwini khonde anatchulidwa, anthu n'kuwomba m'manja. Mwini mbuzi anaimirira n'kuvula chipewa. Kenako ndinaona langa. Kutsogolo kwake kunalembedwa kuti Njinga.

Panatsatira jekete, mphasa, ndowa, mayi amene anatipatsa madzi akumwa. Galasi la kanema linada, alamu n'kudina batani.

Panja anthu ankandigwira chanza. "Njinga yanu yasewera bwino, abambo!" Ndinkayankha kuti zikomo, imayesetsa. Ndinabwerera pansi pa mango n'kumangitsa sipoko imodzi mpaka inaduka.

M'mawa mwake alamu anafika akutafuna chinangwa, n'kundiponyera kakhadi kosungira mafilimu.

"Inu owerenga, simunafike pothera."

Ndinabwereka foni ya akazi anga, amene anaima kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno. Tinathamangitsa sewero mpaka pa mayina. Mbuzi, njinga, jekete, madzi akumwa, mdima. Ndinadikira. Mdimawo unatalika moti ndinaganiza kuti batire yatha. Kenako panatulukira mawu akuti Wolemba nkhani, ndipo pansi pake dzina langa, lokhalokha. Silinakwere. Linangoima kanthawi kokwana kumeza malovu, n'kuzimirira.

"Nanga dzulo munaduliranji?" ndinafunsa.

"Chala chinazolowera, alamu. Mdima ukafika chimadina chokha."

"Nanga kundiika kumdima?"

"Amayi a gulu anati nkhani si chinthu chobwereketsa, sibwerera kwa mwini wake. Tikakuikani pakati pa obwereketsa kawiri, mwini mbuzi adandaula. Ndiye ndakuikani panokha, ngati bwana."

"Bwana wosaoneka."

"Mabwana amayenda m'galimoto za magalasi akuda," anatero alamu, akazi anga n'kuseka mpaka kugwira mtengo.

Ndinabwereza kuonera kanayi. Kenako ndinatsegula kope, pansi pa mndandanda wa mnzanga wakunja uja ndinalemba mutu wa sewero langa kumanzere, dzina langa kumanja. Khadi lija tsopano likuyenda m'mafoni mpaka ku Chinguluwe, ndipo ndafunsapo anthu angapo ngati anaonera mpaka kumapeto. Onse amati inde, mpaka pa madzi akumwa.

Ndiye ndinachenjera, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinalemba sewero lachiwiri lopanda chobwereka chilichonse: anthu awiri oima pamsewu akukangana, opanda mpando, opanda chiweto, kuti pakati pa sewero ndi dzina langa pasadzakhale mndandanda. Amayi a gulu analiwerenga mpaka kumapeto, n'kundibwezera kope.

"Likuseketsa, abambo a njinga. Koma sewero lopanda wobwereketsa adzabwere kudzaonera ndani?"

Ndinabwerera nalo pansi pa mango, pensulo kukhutu, ndikufunafuna polowetsa mbuzi.